Mzere wa Kumanzere

Pa ntchito yathu pali lamulo limodzi limene aliyense amaphunzira sabata yoyamba: munthu wa pachithunzi asafulatire dzina lake. Mawu akakhala kumanzere kwa pepala, nkhope iyang'ane komweko. Ikayang'ana kwina, maso a wogula amatsatira maso a pachithunzi n'kutulukira nawo kunja kwa pepala. Ndagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mu shopu yosindikiza, kukonza makhadi a ukwati, makalendala a mabutchala ndi timapepala ta pamaliro, ndipo lamulo limeneli sindinaliphwanyepo. Nkhope ikafulatira mawu, umangodina kamodzi pa kompyuta, chithunzi n'kutembenuka monga amachitira kalilole. Ndatembenuzapo akwati, abusa, ngakhale ng'ombe ya pakalendala, popanda wodandaula ndi mmodzi yemwe.

Ndiye musandiyang'ane ngati ndinapha munthu. Ine ndinangodina kamodzi.

Amene ndinamutembenuza ulendo umenewo anali mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga. Kunyumba timamutchula Mzime, poti ndiye wotsiriza mwa ana asanu a apongozi anga. Anayamba kuimba kalekale, m'maukwati ndi m'mahotela, nyimbo za eni ake, atavala madiresi a maluwa osokedwa ndi amayi ake, mano onse ali pamtunda. Kenako anakumana ndi Manijala, bambo wina wa nsapato zosongoka amene amayankhula pa mafoni awiri nthawi imodzi. Ameneyo ndiye anamulowetsa mu situdiyo. Nyimbo khumi zitajambulidwa, anabwera onse awiri ku shopu kuti ndiwakonzere chikuto cha chimbale, podziwa kuti mlamu sakana ntchito.

Mzime ali ndi chipsera pa nsidze ya kumanja, kamzere kopyapyala kodula nsidzeyo pakati, pamene sipamera tsitsi. Anakapeza ali ndi zaka zitatu. Apongozi anga ndi telala, ndipo tsiku limenelo ankathamangitsa diresi la mkwatibwi. Mwana anaterereka pa nsalu imene inali pansi n'kukamenyetsa chipumi pa ngodya ya tebulo la makina. Apongozi nkhaniyi sankaisimba ngati ngozi ayi, ankaisimba ngati mlandu wawo. Mzime akabwera kudzacheza, ngakhale atakula kale, ankamugwira chibwano, kumutembenuzira kumene kukuwala, kuyendetsa chala chachikulu pa kamzereko, n'kunena kuti, "Iwe, apa ndinakulemba ndekha. Ngakhale utasochera chotani, ndidzakupeza."

Mawu akuti "iwe" amenewo muwasunge. Apongozi anga ndi munthu waulemu wotopetsa. Aliyense amamuti "inu": ine, wogulitsa ulusi, ana a aneba amene sanayambe n'komwe sukulu. "Iwe" amasungira ana awo asanu okha. Ine ndakhala pa banja zaka makumi awiri ndipo sindinamulaweko.

Wojambula anatitumizira zithunzi zopitirira mazana awiri. Pa zonsezo Mzime ankaseka, kupatula chimodzi, pamene nsapato inamuluma n'kuyang'ana kumbali atakwinya pang'ono. Kuwala kunagwera pa nsidze, kamzere kaja kakuoneka bwinobwino. Ndinasankha chimenecho.

"Kachipsera aka kafufuteni," anatero Manijala, ataima kumbuyo kwanga foni ili kukhutu.

"Mukafufuta pamenepa mutsala ndi mtsikana wokongola wopanda adiresi," ndinamuyankha. "Oterowo ndimasindikiza khumi pa sabata."

Ndinachotsa maluwa onse, kumbuyo ndinadetsa kuti bii, n'kusiya nkhope yokha. Pakati pa mutu wa chimbale ndinadutsitsa mzere woyera, wopendekeka ngati wa pa nsidzewo. Manijala anazimitsa mafoni onse awiri, zimene ndinali ndisanaonepo, n'kunena kuti chimbalechi chisinthe dzina, chikhale Mzere. Koma anafuna kuti mawu akhale kumanzere, poti ndi kumene anthu amayambira kuwerenga, pamene Mzime pachithunzipo ankayang'ana kumanja. Zina zonse mukuzidziwa kale. Ndinadina, nkhope inatembenukira ku dzina lake, ndipo chipsera chinasamukira pa nsidze ya kumanzere.

Mwiniwake ndinamuonetsa tisanasindikize, ndili ndi mboni. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kugwira pakamwa.

"Alamu, aka ndi koyamba chithunzi kundifanana. Zina zonse ndimaoneka ngati munthu wina."

Sankanama. Munthu nkhope yake amaidziwira pa kalilole, ndipo kalilole amatembenuza. Chimene ndinamuonetsa chinali nkhope imene ankasamba nayo m'mawa uliwonse. Mkazi wanga nayenso anachiona n'kungofunsa kuti diresi labwino lija ndalidulira chiyani. Tinasindikiza.

Lamulungu lotsatira tinapita nacho kwa apongozi, chachikulu, choikidwa kale mu felemu. Anavala magalasi awo, n'kuchinyamula patali ngati mmene amaonera nsalu.

"Mtsikana wokongola," anatero. "Wafanana ndi Mzime. Ndi mwana wa yani?"

Tonse tinaseka chikhakhali, poganiza kuti akutisereula. Iwo sanaseke.

"Amayi, ndine," anatero Mzime.

"Iwe ndiwe uyu," anamugwira chibwano. "Wako mzere uli uku. Uyu wake uli uko. Ndisadziwe mbali imene mwana wanga anagwera?"

Mzime anandiyang'ana, mkazi wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kapu yanga ya tiyi. Zikuto zinali kale m'masitolo ndi pa intaneti, zikwangwani zitakwezedwa m'misewu. Madzi akatayika saoleka. Tinagwirizana kuti palibe angazindikire, ndipo tinali olondola: palibe anazindikira kuti chikutocho n'cholakwika.

Nyimbo zake zinali zabwino, sindikana, koma anthu anayamba kumuona asanamumve. Pa foni chikuto chimachepa ngati sitampa, ndipo pakati pa oimba anzake oseka ndi ovala zonyezimira, chake chinkangooneka mdima, diso ndi mzere. Atolankhani analemba kuti watulukira woimba wosaseka, wa mabala a mumtima. Mmodzi analemba kuti chipseracho anamucheka ndi mpeni mwamuna wansanje, ndipo Manijala anakaniza kutsutsa. Madiresi a maluwa anapita m'sutikesi, anayamba kuvala zakuda zokhazokha. Pasanathe miyezi itatu ometa tsitsi anali atamata chikuto changa m'makoma mwawo, atsikana ndi anyamata akupanga mzere panja kuti akadulitse nsidze. Onse kumanzere. Dzina lake lenileni linafa, anangokhala Kamzere, ndipo akakwera pa nsanja mbali ina ya holo inkakuwa kuti "Mzere!" ina n'kuyankha kuti "Kumanzere!" Ali patali chonchija, magetsi akuthwanima, ndani akanaona kuti mzerewo uli mbali iti?

Amene anaona anali mlonda. Tsiku limenelo ndinapita ku holo cha m'ma thu koloko masana kukapereka nsalu yolembedwa ya kumbuyo kwa nsanja. Mzime anatsika takisi kudzayesa zokuzira mawu, atavala masilipasi, wosadzola kalikonse, akuseka ndi dalaivala. Pa khomo lakumbuyo mlonda anatambasula dzanja.

"Pepani mayi, khomo ili ndi la oimba."

"Woimbayo ndine."

"Lero ndinu wachinayi kunena zimenezo," anatero mlondayo mosakwiya konse. Analoza chithunzi chimene chinali pa chitseko. "Koma anzanu aja bola, anameta mbali yoyenera. Inu amene anakumetani anakulakwirani. Komanso mwiniwakeyo saseka."

Ine ndinachitira umboni kuti ndi yemweyo, mlonda n'kundifunsa kuti nanga ine ndine yani. Tinaima padzuwa mpaka Manijala anatuluka.

Madzulo ake asanayambe kuimba tinakhala atatu m'chipinda chovalira. Ndinanena kuti ndikhoza kukonza chikutocho, chimbale chikamasindikizidwanso chituluke cholondola. Ndinanenadi, koma ndi mawu apansi, ndipo sindinabwereze. Chinali chikuto chabwino koposa zonse zimene ndinapangapo, ndipo oimba ena anali atayamba kundifunafuna.

"Tiyeni tiganize ngati akuluakulu," anatero Manijala. "Zikwangwani zili m'misewu yonse. Matisheti ali pa misana ya anthu. Ana a eni ake ameta kale. Nkhope ndi imodzi. Chosavuta kusintha n'chiti?" Kenako anayesa kuimba. "Mzere, kumanzere. Mwamva? Tsopano tamverani iyi: mzere, kumanja. Sizikugwera. Ngakhale Mulungu akanadziwa, akanakugwetsera mbali inayi."

Mzime anaseka, poti nthawi imeneyo zinali zoseketsa. Mayi wodzola oimba analowa, anatenga lezala n'kudula nsidze ya kumanzere, kenako anatenga pensulo yakuda n'kutseka chipsera chenicheni cha kumanja. Ntchito yonse sinathe mphindi zisanu. Atadzuka pa mpando anali chikuto changa ndendende, ndipo ndikuvomera kuti ndinanyadira.

Tsitsi limamera, ndipo kumeta sabata iliyonse kunayamba kumutupitsa khungu. Chaka chisanathe Manijala anamupezera chipatala china cha za khungu kumene amawotcha mizu ya tsitsi kuti lisamerenso. Anapitako kanayi, mzere wa kumanzere n'kukhala wamuyaya. Adokotala omwewo ananena kuti akhoza kubzala tsitsi pa chipsera chakumanja kuti asamavutike ndi pensulo, koma pamenepo Mzime anakana kwamtuwagalu. Anati chimenecho ndi cha amayi.

Nthawi yonseyi apongozi anali akuchoka pang'onopang'ono. Zinayamba ndi sizasi yopezeka mu firiji. Kenako anasokera kasitomala diresi la manja atatu. Adokotala anati ndi matenda oiwala, ndipo alibe mankhwala obweza. Tinawatenga kuti azikhala nafe m'chipinda chakumbuyo, pamodzi ndi makina awo ndi kalilole wamkulu wa msinkhu wa munthu, amene makasitomala ankadziyang'anirapo poyesa zovala. Mayina anathawa onse. Ine anandisandutsa kasitomala, ndipo m'mawa uliwonse ndikamawapatsa moni amandiuza kuti, "Buluku lanu mawa, bambo." Dzina la mkazi wanga nalonso analiiwala, koma akalowa ankamudziwa ndi mayendedwe ake okokera phazi, n'kumuti "iwe." Kwa ana awo chimene chinatsala ndi chimenecho. Aliyense ankabwera kudzaona ngati akadali "iwe."

Mzime anatha miyezi isanu ndi itatu akuyendayenda ndi zoimba. Ankaimba foni, koma apongozi mawu a pa foni ankawayesa wailesi. Tsiku limene anabwera anachokera ku wailesi ya kanema kumene anakafunsidwa mafunso, nkhope ili yapantchito, zovala zakuda. Analowa m'chipindamo akuthamanga ngati mwana, n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Amayi, ndabwera."

Apongozi anamuyang'ana bwinobwino, n'kukonza nsalu yawo pa mawondo.

"Takulandirani, mayi. Mwabwera kudzayesa diresi?" Kenako nkhope yawo inawala pang'ono. "Ndakudziwani. Ndinu a pachithunzi cha pabalaza paja. Mumafanana ndi mwana wanga."

Mkazi wanga anamukokera ku bafa n'kumupatsa sopo. Anatuluka pensulo itachoka, chipsera chakumanja chikuoneka, koma ndi wakumanzere uja ali pomwepo. Mizere iwiri, uku ndi uku. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma sindinaone kuti ndi nthawi yabwino yowakumbutsa. Apongozi anayang'ana nsidze iyi, kuyang'ana iyo.

"Wanga ali ndi umodzi," anatero mwaulemu. "Kunyumba mwasiya bwanji?"

M'mawa mwake mkazi wanga anabwera ndi nzeru. Pensulo yomweyo imene imatseka kumanja ikhoza kutseka kumanzere. Anamukhazika mng'ono wake pa khonde n'kumulemba tsitsi limodzilimodzi, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu. Anamuvekanso limodzi la madiresi a maluwa aja, limene tsopano linkamukhwepa. Atalowa, apongozi anasiya ulusi umene ankaukulunga. Anatambasula dzanja, kumugwira chibwano, kumutembenuzira ku windo. Chala chachikulu chinapita chokha pa chipsera chakumanja.

"Iwe," anatero.

Mzime anatseka maso. Ine ndinali pa khomo, ndipo ndinamva mkazi wanga akupumira m'mwamba.

"Iwe, wadzipaka chiyani apa? Sumasamba?"

Ananyowetsa chala ndi malovu monga amachitira mayi aliyense, n'kupukuta nsidze ya kumanzere. Pensulo inachoka. Anayang'ana chala chawo chakuda, kuyang'ana mzere umene unatulukira, n'kubweza dzanja pang'onopang'ono kukalipukuta pa nsalu.

"Pepani mayi. Ndinakuyesani mwana wanga."

Tinayesanso ndi pensulo ina yosachoka ndi madzi, imene Mzime anabwera nayo kuchokera kwa mayi wodzola uja. Ulendo umenewo sanamugwire n'komwe. Anangosuzumira n'kunena kuti, "Apa pali chigamba." Munthu amene wasoka zaka makumi anayi ukhoza kumuiwalitsa dzina la mwamuna wake, koma sungamubisire chigamba. Kuchokera pamenepo ankachita kumudikirira mlendoyo ndi chidwi, kuti aone lero wabisa pati.

Tsiku lina ndinamuperekeza ku galimoto yake. Analowa, koma sanailize. Atsikana awiri odutsa anamuzindikira, n'kukuwa kuti "Mzere!" ndipo iye anakweza dzanja osayang'ana.

"Alamu," anatero, "dziko lonse limanditi inu. Manijala inu, atolankhani inu, ngakhale achimwene masiku ano akumanditi inu. Ine ndikungofuna iwe mmodzi."

Ndinamuuza kuti mwina adokotala aja akhoza kubzala tsitsi kumanzere. Anati anafunsa kale. Zimatenga chaka kuti limere bwino, mwinanso osamera pa khungu lowotchedwa, ndipo Manijala anali atasaina kale mapepala a chimbale chachiwiri ndi makampani a zodzoladzola amene ankafuna mzerewo. Komanso tonse tinkadziwa zimene adokotala a apongozi ananena, kuti mwina sangathe chaka ali moyo. Zinandiwawa, ndinene zoona. Koma ine si munthu wodziwa kutonthoza, ndiye ndinangomuuza kuti tayala lakumbuyo likuoneka lopanda mpweya.

Chimbale chachiwiri chinafika pa tebulo langa mwezi wotsatira. Manijala anati ndisasinthe kalikonse: mdima womwewo, diso lomwelo, mzere womwewo, kungoti zilembo zikhale zagolide. Wojambula nayenso anali ataphunzira, anamuyang'anitsa kumene kukhale mawu. Ulendo uno panalibe chotembenuza, nkhope inali itatembenuka kale yokha. Ntchito inatha msanga, ndipo nditakhala ndikudikira makina osindikizira kuti atenthe, chala changa chinadina pamalo paja mwachizolowezi chabe. Chithunzi chinatembenuka. Pa kompyuta panaoneka Mzime wakale, mzere umodzi, kumanja, mbali imene anagwera.

Ndinachiyang'ana kwa kanthawi. Poyamba ndinaganiza zochisindikiza n'kukawapatsa apongozi, koma pepala siliyankha ukaliti "iwe." Kenako ndinakumbukira kuti kunyumba kwathu kuli chida chimene chimagwira ntchito yomweyi popanda magetsi.

Ndinamuimbira foni. "Alamu, Loweruka m'mawa mubwere. Mudzole ngati mukupita kuntchito."

"Mukufuna amayi andipatsenso mpando wa alendo?"

"Kumanja mutseke, kumanzere musiye. Mukafika musalowe mpaka ndikuuzeni. Mukalowa muime kumbuyo kwawo, ndipo musazungulire kutsogolo."

Mkazi wanga nditamufotokozera anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo, inu mutu wanu umangoganiza zotembenuza basi?" Koma Loweruka ndiye amene anasuntha mpando wa amayi ake n'kuuika moyang'anana ndi kalilole wamkulu uja, nayamba kuwapesa tsitsi. Ine ndinatsegula makatani kuti kuwala kugwere kumene ndikufuna, poti zimenezo ndiye ndimazidziwa. Apongozi anandiona n'kundiuza kuti buluku langa mawa.

Ndinakodola Mzime. Analowa osavala nsapato, mwakachetechete, n'kuima kumbuyo kwa mpando. Mkazi wanga anamupatsa chipeso n'kusunthira kumbali. Mu kalilole munaoneka mayi wokalamba atakhala, ndi mtsikana ataima pamwamba pake, mzere umodzi pa nsidze, mbali yoyenera, patali poti chigamba sichingaoneke.

Apongozi anakweza maso. Anayang'ana, n'kuwerama pang'ono kutsogolo.

"Iwe! Unali kuti masiku onsewa?"

Chipeso chinagwa pansi. Palibe anachitola.

"Ndinali kuntchito, amayi."

"Ntchito yanji yosaweruka? Taona mmene waondera. Khosi ngati la botolo. Ukudya iwe?"

"Ndikudya, amayi."

"Ukunama. Unayamba kunama uli wamng'ono, unkabisa mabatani anga mkamwa. Ndipo zakudazi wavalira chiyani, kwafa ndani? Ndinakusokera madiresi angati ine?"

Anamukalipira choncho kwa nthawi ndithu, za tsitsi, za kuwerama msana, za mnyamata wina wa njinga amene ankamudikirira pa geti zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Mzime ankangoti "Inde, amayi," akuseka mano onse pamtunda, misozi ikutsikira m'chibwano. Ine maso anga anali pa pensulo ya kumanja, kuopa kuti isungunuka, koma inali yosachoka ndi madzi ija.

Kenako apongozi anatsitsa mawu ngati akuulula chinsinsi.

"Kumabwera mayi wina kuno, wofanana nawe. Amadzipaka makala m'nsidze kuti ndimuyese iwe. Sindimukalipira ayi, ndimamumvera chisoni. Akuoneka kuti alibe amayi ake. Ukakumana naye uzimupatsa moni."

"Ndizimupatsa, amayi."

"Chabwino. Tsopano bwera kuno ndikuone bwino."

Mzime anandiyang'ana kudzera mu kalilole. Ndinapukusa mutu pang'ono. Pamenepa nzeru zanga zinali zitathera, chifukwa pa kompyuta palibe amene amapempha chithunzi kuti chiyandikire.

Apongozi anatambasula dzanja kutsogolo, kumene ankamuona. Chala chachikulu chinafika pa galasi, pa kamzere kaja, n'kuyenda pamenepo pang'onopang'ono kuchokera m'mwamba kutsika.

"Wazizira bwanji iwe. Tabwera, ndikufunditse."

"Ndikubwera, amayi."

Manja ake anali pa msana wa mpando, pafupifupi kukhudza mapewa a amayi ake. Apongozi anadikira, dzanja lili pa galasi.

"Iwe, ndati bwera."

"Ndikubwera," anatero Mzime, ndipo anaima pomwepo.